Wi-Fi Yabwino Imayenda pa Waya

Mu Limbe muno masiku ano mnyamata aliyense amene waonera mavidiyo angapo pa YouTube wasanduka katswiri wa netiweki. Amafika ndi kachikwama kumsana, kulumikiza rauta kumagetsi, kuonetsa mwininyumba timizere todzadza pafoni, kulandira zake, ulendo. Sabata isanathe foni imene imalira ndi yanga: "Amisiri, intaneti ija kuchipinda sikufika." Ndikatchula mtengo wanga akuti ndikudula, chonsecho ndalama zimene anapatsa mnyamata uja zalowa kale m'madzi.

Zoika simu ya Airtel kapena TNM mu rauta, kulemba 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pakompyuta, kusintha SSID, lomwe ndi dzina lija limaoneka pafoni, izi sinditayapo nthawi. Mwana wa Fomu 2 amachita. Chokhacho, musasiye "admin" ngati pasiwedi yolowera mu rauta, sankhani WPA2 kapena WPA3, ndipo WPS muzimitse. Mukaona rauta yongodziwa WEP, loko ameneyo anathyoledwa kalekale, kaitayeni.

Ntchito imayamba ndikaima pabalaza n'kuyang'ana makoma. Nyumba zathu ndi za njerwa zootcha, pulasitala wa simenti mbali zonse, malata pamwamba, ndipo kwa opeza bwino ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe pali konkire ya zitsulo pakati pa nyumba yapansi ndi yam'mwamba. Rauta zambiri zimaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Ya 5 imathamanga koma ikadutsa makoma awiri a njerwa yatha mphamvu. Ya 2.4 imapirira makoma, koma ndi yodzadza: Bluetooth ili momwemo, uvuni wa microwave uli momwemo, rauta za anansi onse zili momwemo. Matchanelo osaponderezana pa 2.4 ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndiye m'nyumba zogundizana ndimayamba ndaona amene anansi sanawadzadze. Koma zonsezi n'zachabe ngati rauta yaikidwa kuseri kwa TV, m'kabati, mayi a m'nyumba ataifunditsa kansalu koluka kuti isalowe fumbi. Ndimachotsa kansaluko mwaulemu, n'kupempha msomali pakhoma la pakati pa nyumba, pamwamba, poyera.

Nyumba ikakhala yaikulu, anyamata otchipa aja mankhwala awo ndi amodzi: repeater. Kachinthu kolowetsa mu soketi, mphindi zochepa katheka, palibe kukwera mu siling'i. Chimene sauza kasitomala n'chakuti repeater wamba imamvera ndi kulankhula pa wailesi imodzi yomweyo, choncho liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Komanso amaiika m'chipinda momwe siginolo yafa kale, ndiye imangoulutsa mwamphamvu zinthu zofooka. Timizere tadzadza, vidiyo ikungozungulira. Ine ndimakoka waya kuchoka pa rauta kukafika kumene kukuvutako, n'kuikako access point. Waya ndiye msana wa ntchito imeneyi, ndipo pa waya sindinyengerera munthu.

Pamsika pali makebulo awiri ofanana nkhope, onse olembedwa Cat6 pachikopa. Ina ndi ya mkuwa weniweni. Inayo ndi CCA, aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Bokosi la mamita 305 ndikangolinyamula ndimadziwa, la CCA limapepuka. Ndikakayika ndimasenda kawaya kamodzi n'kukapala ndi mpeni: mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka m'kati, CCA imayera mbuu. Mukaiyatsira machesi imalefuka n'kupindika, pamene mkuwa umangoda koma uli chilili. Lamulo la Ethernet limalola mamita 100 pa waya mmodzi, koma muyezo umenewo ndi wa mkuwa. Aluminiyamu salola magetsi kudutsa bwino chotero, ndiye mukamadyetsa access point kapena kamera magetsi kudzera pa waya yemweyo, zimene timati PoE, chipangizocho chimangozima n'kuyaka chokha masana dzuwa likatenthetsa malata. CCA imathyokanso msanga mukaipinda pakona. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bokosi la mkuwa linakwera moti ambiri anathawira ku CCA osauza makasitomala awo. Ine ndinakweza mtengo, ena anandithawa, ndipo ena mwa othawawo ndi amene akundiimbira lero.

Kukonda mkuwaku ndinakutengera kwa bambo amene anandiphunzitsa ntchito. Iwo anayamba ndi mafoni a nthambo, nthawi imene positi ndi matelefoni zinali bungwe limodzi, akukwera mapolo ndi lamba m'chiuno. Za Wi-Fi ankazitcha "zamphepo", ndipo ankati zamphepo zimanama koma waya sanama. Miyezi yoyamba sanandilole kukhudza rauta. Ntchito yanga inali kunyamula makwerero ndi kupana mitu ya RJ45, nditakhala pa kreti ya zakumwa kuseri kwa shopu. Mitundu isanu ndi itatu ija ankafuna ndiitchule ndili m'tulo: woyera wa olenji, olenji, woyera wa girini, buluu, woyera wa buluu, girini, woyera wa bulauni, bulauni. Umenewo ndi mndandanda wa T568B. Pamene aliyense wophunzira amapunthwa ndi pa girini, chifukwa awiriwo amasiyana n'kukumbatira abuluu pakati. Dzanja limafuna kuwaika pamodzi, koma ayi.

Mdalayo sankayang'ana mitundu yokha. Ankatenga mutu, kuuloza kudzuwa, kuona ngati timawaya tonse tafika kumapeto kwenikweni, ngati chikopa cha kebulo chalowa m'kati n'kupanidwa, ndiponso ngati sindinamasule kupota mopitirira. Timawayato tinapotedwa tiwiritiwiri dala, kuti phokoso la magetsi lizifafanizana, ndipo malire omasula ndi mamilimita 13 basi. Akapeza cholakwika sankakalipa. Ankangotenga pulayala, kudula mutuwo, kuuponya m'chitini cha Cowbell chimene chinkakhala pansi pa tebulo, n'kupitiriza kukukuta chimanga chawo chootcha. Mitu yodulidwayo mtengo wake unkachoka pa ndalama yanga ya nkhomaliro. Ndi iwonso amene anandionetsa kuti liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito timawaya tinayi tokha, pamene gigabit imafuna tonse tisanu ndi titatu. Ndiye mutu wopanidwa mwaulesi umagwira ntchito ndithu, getsi n'kuyaka, koma liwiro lili pa 100 m'malo mwa 1,000, kasitomala n'kumatukwana kampani ya intaneti yosalakwa. Mu siling'i ankandikweza m'mamawa kwambiri mwezi wa Okutobala, akuti ikakwana 10 koloko pansi pa malata sipakhala munthu. Ankanenanso kuti waya wa netiweki usagone limodzi ndi wa magetsi, ndipo akakumana adutsane mopingasa. Mpaka lero ndikaona waya womangidwa pamodzi ndi wa magetsi ndimamva ngati akutsokomola kumbuyo kwanga.

Makasitomala nawo ali ndi zawo. Wina amandiimbira usiku kuti Wi-Fi yanga yafa, pomwe bandulo yawo ndi imene yatha. Wi-Fi ndi mpopi wa m'nyumba, intaneti ndi madzi; mpopi ukhoza kukhala wabwinobwino madzi atasiya. Wina analipira 20 Mbps ndiye akudandaula kuti akamakopera filimu akuona 2.5 yokha. Bwana, byte imodzi ndi ma bit 8, gawani nokha, palibe wakuberani. Kuyambira pomwe Starlink inafika m'dziko muno mu 2023 kwabukanso ena oganiza kuti mbale ya padenga ithetsa zonse. Mbaleyo imabweretsa intaneti pakhomo, koma makoma anu a njerwa ndi omwe aja. Ndiye pali pasiwedi yopatsa mlendo mmodzi, mawa lake anyamata a m'dera lonse atatsamira mpanda wanu ndi mafoni. Rauta zambiri zili ndi netiweki ya alendo. Ndimaitsegula, ndipo sindilipiritsa kanthu pa zimenezo.

Mvula ikayamba ndimasintha rauta zopsa kuposa nyengo ina iliyonse. Chiphaliwali sichichita kugunda nyumba yanu, chimangodutsa chapafupi, mphamvu yake n'kulowera pa waya wopita kunyumba ya antchito kapena pa mlongoti wa padenga. Kukayamba kugunda zulani pulagi ndi waya wochokera panja. Za kuthimathima kwa magetsi, rauta zambiri zimadya 12V kapena 9V, ndipo ka UPS kakang'ono kamaisunga maola angapo, bola muwerenge zolembedwa pa adaputala musanagule.

Amene mukumanga, ndiitaneni siling'i isanakhomedwe ndi pulasitala asanapakidwe, mtengo umatsika chifukwa sindiswa khoma. Ngati mwasankhabe mnyamata wotchipayo, ndalama ndi zanu, koma musanamulipire mupatseni mpeni apale kawaya kamodzi inu mukuona.