Nyumba ya Nsichi ndi Luzi

Kalekale mnyamata akafuna kulowa chikamwini, akuchikazi ankangomulozera malo pafupi ndi apongozi ake n'kudikira kuti aone ngati nkhwangwa amaitha. Komatu nyumbayo sankamanga yekha. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, cha mu Juni kapena Julayi, abale ndi alamu ake ankalawirira naye kuthengo kukadula nsichi.

Kusankha mtengo inali nzeru yakeyake. Pa mzati ndi nsichi ankafuna muwanga kapena naphini, mitengo imene chiswe chimailephera, pakuti mtengo wofewa ukaukwirira pansi suchedwa kufumbwa. Luzi ankasenda ku mombo n'kuliviika m'madzi kuti lifewe, ndipo likaumira pa mfundo linkagwira zolimba, msomali osaufuna n'komwe. Nsichi zikaima m'maenje ake, ankazimanga ndi mbaliro za nsungwi mkati ndi kunja. Denga la kanyumba kozungulira ankatha kulilukira pansi, phaso ndi phaso, kenako amuna onse n'kulinyamulira pamodzi. Pamenepo mpomwe pankakoma. Wamkulu ankafuula kuti, "Alamu, kwezani mbali yanuyo!" ana ali m'mbali kukuwa, mpaka denga litakhala pamalo pake.

Amayi anali atamweta kale udzu ndi kuusanja m'mitolo. Iwo ndiwo ankatunga madzi oponderamo dothi lophomera, ndipo khoma likauma ankazira pansi ndi mtsiro mpaka pasalale. Malipiro ake anali thobwa, mowa wa masese ndi nsima ya nkhuku. Ngongole yeniyeni inkatsala m'manja: amene wakuthandiza chaka chino, iwe udzamufolerera denga chaka chamawa.

Zovuta zinalipo. Mkati munali mdima, makoswe ankaswana m'udzu, ndipo moto ukalusa nyumba inkapsa m'kanthawi kochepa. Ndani angadzudzule mayi amene watopa ndi kutchera mabeseni pamene pakudontha, akamalakalaka malata? Ine ayi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti thengo lija latha, ndipo manja aja abalalika nalo limodzi. Mombo unathera m'matumba a makala. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, inafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kuti akailondere. Ku Chikangawa, kumene paini wa mahekitala 53,000 anayamba kubzalidwa m'zaka za m'ma 1960, madera ambiri anatsala zitsa chifukwa cha macheka ndi moto. Lero wofuna kumanga amayamba wawerenga ndalama: bulugamu wa phaso ngogula, matabwa ngogula, misomali pa kilo, simenti pa thumba. Mmisiri amatchula mtengo wake asanagwire chingwe, ndipo mphwako weniweni akakutungira madzi, madzulo amayembekeza ya ganyu. Sindikumunena, nayenso akufuna ya sopo ndi feteleza. N'chifukwa chake m'midzi mwadzaza nyumba zoima pa mawindo, zikudikira malata chaka ndi chaka, pomwe ya nsichi inkatha kumangidwa m'chilimwe chimodzi.

Ndiye tisamadzinamize kuti nyumba ya njerwa yapulumutsa mitengo. Imaidya ndithu, kungoti imaidyera mu uvuni. Nsichi zinali mitengo ing'onoing'ono, ndipo chitsa chake chinkaphukanso, koma uvuni umafuna zipika zikuluzikulu, mpaka mitengo ya mango imene agogo anabzala yagwetsedwa kuti njerwa zipse. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda, koma kumudzi utsi ukufukabe chilimwe chilichonse.

Nsichi lero zatsalira pa khitchini, pa bafa ndi pa khola la mbuzi. Nazonso achinyamata ambiri akuzimanga ndi linya la m'matayala akutha logula pamsika, chifukwa mombo wosendako luzi uli kutali, ndipo amene ankadziwa kusenda akalamba.