Nyumba ya M'tauni Sasankha Bambo Yekha

Ambiri mwa ife a kunyanja tikapeza ntchito mu mzinda wa Lilongwe, bambo ndiye amatsogola. Amafikira kwa mbale wake, kugona pamkeka pabalaza, ndipo malipiro oyamba akangotuluka amayamba kufunafuna nyumba ya lendi kuti aitanitse banja. Pofunafunapo amayang'ana zinthu ziwiri, mtengo wa nyumba ndi mtunda wopita kuntchito kwake. Komatu abale ndi alongo anga, bamboyo amachoka mbandakucha nabwerako kutada. Oswera m'deralo tsiku lonse ndi mayi ndi ana.

Ine ndidachoka ku Nkhotakota m'chaka cha 2016 nditalembedwa ntchito pa kampani ina ku Kanengo. Ndisadanyamuke, amalume adandiitana nati: "Mphwanga, mkazi wakoyu ukumchotsa pamudzi pa mayi wake. Kumene ukupitako ukampezere anthu, usakampezere makoma okha." Adanena zoona, pakuti ambiri mwa ife timakwatira chikamwini. Mayi kumudzi amakhala pakati pa azichemwali ake, ndipo mwana akatentha thupi usiku womuthandiza amakhala khomo loyandikana nalo. Zonsezi amazisiya tsiku lomwe wakwera basi.

Lilongwe idakhala likulu la dziko lino mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu 989,318. Choyamba chimene mlendo ayenera kudziwa n'chakuti manambala a madera satsatana monga nyumba za mumzere. Area 23 ili cha kummwera chakum'mawa, pamene Area 25 ili kutali kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Wosafunsa angalipire nyumba ku 23 poganiza kuti ku 25 n'kongoyenda pansi. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Ndidayendera madera angapo Loweruka ndi Lamulungu lililonse. Ku Kawale ndi ku Biwi kudandikopa chifukwa munthu angathe kuyenda pansi kukafika ku msika waukulu, ku depoti, ku chipatala cha Bwaila ndiponso ku mzikiti waukulu wa m'tauni yakale. Anzathu a ku Mangochi amakukonda chifukwa msewu wa M1 wochokera kummwera umadutsa pafupi. Koma pamapuloti ambiri amene ndidaona padali mabanja angapo ogwiritsa ntchito mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Nyumba ina yabwino ndithu ndidaipeza kumunsi, pafupi ndi mtsinje. Mayi wina wogulitsa tomato adandilozera mzere wa matope pakhoma, ndipo sindidafunsenso za mtengo. Mu Disembala 2017 madzi osefukira adagwetsa nyumba ku Kawale, Mchesi ndi Kaliyeka, ndipo anthu ena adataya miyoyo.

Ku Chinsapo, m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, lendi idali yotsika ndipo chipatala cha Likuni sichili kutali. Koma nditawerengera ndidaona kuti kukafika ku Kanengo n'kukwera minibasi ziwiri popita, ziwirinso pobwera. Ndalama yopulumutsa kwa eni nyumba ikadathera kwa kondakitala, ndipo ana akadamagona asadaone bambo wawo. Ku Area 23 nkhani idali yomweyo. Ku Mgona ndikadatha kupita kuntchito wapansi, koma nyumba n'zothithikana ndipo mabanja ambiri amagula madzi pa kiyosiki.

Nkhani ya madziyi musaipepuse. Ife tidakula tikutunga kunyanja mopanda wotilipiritsa, koma m'tauni ndowa iliyonse ili ndi mtengo. Khomo la Msilamu limafuna madzi ochuluka, pakuti kuwonjezera pa kuphika ndi kuchapa pali kudziyeretsa pokonzekera swala kasanu patsiku. Mpopi ukauma, wodzuka usiku kukaima pamzere ndi zigubu ndi mayi kapena mwana wamkazi. Kumene madzi ali ovuta matendanso sachedwa. Kolera imene idabuka mu 2022 idavuta kwambiri mu Lilongwe, mpaka boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu za mumzindawu mu Januwale 2023.

Nditasankha nyumba ziwiri, ina ku Biwi ina ku Area 25, ndidatumiza ndalama ya ulendo kuti mayi a kunyumba abwere adzaone okha. Mafunso awo adali ena ndithu. Adafunsa kumene kuli chigayo, kumene amagulitsa makala, ndi amene amazinga nyama pamsika. Adafunsa ngati mwana wopita ku sukulu ndi ku madrasa adzaoloka msewu wa magalimoto ambiri. Adalowa m'chimbudzi, adatsegula mpopi, nacheza ndi amayi oyandikana nawo pamene ine ndinkakambirana ndi eni nyumba. Potuluka adati: "Bambo a ana, nyumba ya ku Biwi ndi yaikulu, koma kuno ku 25 ndapeza amayi awiri a kwathu, ndipo chipatala ndingafikeko ndili ndi mwana kumbuyo." Tidatenga ya ku 25 ngakhale idali yocheperako.

Ine ndidafunsako chinthu chimodzi chimene ambiri amachita nacho mantha. Ndidapita kwa a shehe a mzikiti wa m'deralo kukadzionetsa, ndipo ndidafunsa kumene amaika maliro ndi amene amasambitsa. Ife sitigoneka maliro masiku ambiri, choncho tsoka likagwa abale a kumudzi ali kutali, okunyamula ndi anthu amene umaswali nawo. Munthu wosadziwika pamzikiti amayamba kufunafuna anthu tsiku lomwe misozi ili m'maso. Ubwino wina wa kumpotoku ndi wakuti msewu wa ku Salima umayambira pa Kanengo, kotero uthenga ukabwera kuchokera kunyanja timakwera galimoto osalowanso m'tauni.

Abale athu opita ku Joni amadziwa nzeru imeneyi. Ambiri amafikira ku Mayfair ndi ku Fordsburg mu Johannesburg chifukwa kuli mizikiti, nyama ya halali ndi anthu olankhula Chiyao ndi Chichewa. Koma chipinda chogona anyamata anayi sichingasunge banja, ndipo woitanitsa mkazi ndi ana ayenera kuyambiranso kufunsa za madzi, sukulu ndi chipatala.

Sindikunena kuti dera lina ndi loposa linzake. Wogulitsa nsomba zouma mumsika waukulu adzapeza mtendere ku Kawale kapena ku Biwi, pamene wa ku Kanengo adzaupeza ku 25 kapena ku Mgona. Pempho langa kwa abambo anzanga ndi lakuti musalipire nyumba imene mayi sadaione. Kaioneni m'mawa anthu akutunga madzi, ndipo ngati n'kotheka kaioneninso mvula itagwa. Ndalama ya basi yoti mayi abwere ndi kubwerera ndi yochepa poiyerekeza ndi kusamuka kawiri, ana ali pakati pa teremu.