Buku lomwe tinkawerenga mu mthunzi wa manachesi

Mdzukulu wanga wandibweretsera buku la Shadreck Chikoti lotchedwa Azotus the Kingdom, lomwe linatuluka mu 2015. Akuti ndi nthano ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Nditaligwira m'manja, mtima wanga unabwerera kumunda wa aphunzitsi anga okalamba, kuno ku Mwanza.

Anali munthu wofatsa, wokonda mitengo yawo ya manachesi ngati ana obereka okha. Loweruka lililonse ankandiitana: "Mwanawe, bwera tidzatengulire." Tikatopa tinkakhala pamthunzi, iwo n'kutulutsa kabuku kokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Linali buku la George Orwell, Nineteen Eighty-Four, la mu 1949. Ankawerenga motsitsa mawu, kenako n'kundimasulira m'Chichewa chokoma chija.

Orwell analemba za dziko lomwe boma limapenya munthu ngakhale ali kuchipinda. Winston Smith ntchito yake inali kukonzanso nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zofuna za chipani. Ife zimenezi sizinali zachilendo. Pamsika ndi pokwerera basi ankafunsa khadi la chipani. Lamulo la mu 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi zovala zazifupi, ndipo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankametedwa. Tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Koma mwambo wake unali wochokera kumwamba, osati uja agogo ankatiphunzitsa pamoto madzulo.

Aphunzitsi ankakonda kwambiri ndime yomwe Winston ndi chibwenzi chake Julia anathawira kuthengo n'kumva kambalame kakuimba, kosauzidwa ndi munthu. Pamenepo ankatseka buku, n'kuloza mapwiti m'nthambi. Ankati mbalame siigula khadi, ndipo mtengo umabereka osafunsa yemwe akulamula. Ankandiuza kuti ndisunge kamunda kotero mumtima mwanga, komwe sikalowa wina aliyense. Mawu amenewa andilera kufikira imvi zino.

Kenako kunabwera Meyi wa 1983, manachesi atayamba kupsa. Wailesi inalengeza kuti nduna Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi phungu David Chiwanga afa pangozi ya galimoto pamsewu wa ku Thambani, ati akuthawa m'dziko. Mwanza yense anangoti zii. Loweruka limenelo buku silinatuluke. Aphunzitsi anasenda nachesi limodzi, kundigawira theka, n'kundiuza kuti ndikumbukire tsikulo mwa ine ndekha, poti mapepala adzanena zina.

Iwo anatisiya asanaone referendamu ya mu 1993. Sanamvenso zomwe anapeza a komiti yofufuza ya Justice Mtegha, yomwe inakhazikitsidwa mu 1994, kuti anthu anayi aja anachita kuphedwa ndipo ngoziyo inali yongokonza. Pulezidenti wakale Dr Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu, khoti n'kuwapeza osalakwa mu Disembala 1995.

Lero mwana wa ku Malawi akulemba nthano zoterezi, dzina lake lili poyera pachikuto, mdzukulu wanga n'kumawerenga bukulo m'minibasi osalikuta ndi pepala. Ndikadakonda aphunzitsi akadaona zimenezi.

Mitengo yawo ina idakalipo, ndipo chaka chino yabereka mpaka nthambi kulendewera. Ndamuuza mdzukuluyu kuti Loweruka tipite komweko, iye akandiwerengere Chikoti, ine ndikamusimbire za Thambani. Inunso ana inu, mukamadutsa pa Mwanza kupita ku Zobue, mukagula manachesi, mufunseko akuluakulu njira ya ku Thambani.