Mfumukazi Inali Pafupi Kuposa Achimwene

Usiku wina magetsi atazima, mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anayambitsa masewera amene anawamva kusukulu. Akuti tchulani munthu aliyense wotchuka padziko lapansi, ndiye tipeze njira yomufikira kudzera mwa anthu odziwana okhaokha. Mlongo wake anatchula Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain, akuyesa watigwira. Sitinavutike n'komwe. Amayi anga anali m'gulu la mbumba imene inkavinira Kamuzu, ndipo ankakonda kusimba za tsiku limene anawapatsa moni wa pamanja, litchowa lili kudzanja linalo. Kamuzu analandira Mfumukaziyo kuno ku Malawi mu 1979. Ndiye ine, amayi, Kamuzu, Mfumukazi: masitepe atatu basi. Kuwonjezapo limodzi, wafika kwa Winston Churchill, amene anali nduna yaikulu pamene Mfumukaziyo inkalowa ufumu mu 1952, kapenanso kwa Nelson Mandela.

Ana anawomba m'manja. Ine ndinawauza kuti tikuberako pang'ono, chifukwa kugwirana chanza si kudziwana. Kamuzu akanakumana ndi amayi mawa lake pamsewu sakanawazindikira.

Maganizo amenewa si atsopano. Mlembi wina wa ku Hungary, Frigyes Karinthy, analemba nkhani yaifupi mu 1929 yonena kuti anthu awiri alionse padziko angalumikizidwe ndi anthu osaposa asanu apakati. M'zaka za m'ma 1960, Stanley Milgram wa ku America ndi mnzake Jeffrey Travers anafuna kuona ngati n'zoona. Anapereka makalata kwa anthu a ku Nebraska ndi ku Boston, onse opita kwa bambo mmodzi wogulitsa masheya ku Boston. Lamulo linali lakuti usatumize kalatayo mwachindunji ngati sukumudziwa, koma uipereke kwa mnzako amene mumaitanana maina, yemwe ukumuona kuti ali pafupiko ndi bamboyo. Kwathu kuno lamulo limeneli likanativuta, poti anthu ambiri amene timawadziwa bwino sitiwatchula maina. Apongozi anga ndakhala nawo zaka 20, koma dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga.

Makalata amene anafika anadutsa m'manja mwa anthu pafupifupi asanu, ndipo zimenezi n'zimene anthu amakumbukira. Mu 2016 a Facebook anawerengera anthu awo oposa biliyoni imodzi ndi theka, n'kupeza kuti apakatiwo sakwana ndi anayi omwe. Koma chiwerengero chimene ine chinandikhala mumtima ndi china. Mwa makalata 296 a Milgram, 64 okha ndiwo anafika. Enawo anafera panjira, pa tebulo la munthu amene anati ndiitumiza mawa.

Patapita miyezi ingapo chichitireni masewera aja, amayi anagwa ali kumunda. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo mankhwala ankamwa modumphadumpha, ngakhale ineyo ndimayenda m'makomo mwa anthu kuwakumbutsa za zomwezo. Anafa ziwalo mbali ya kumanja, lilime n'kulemera. Mwa mawu ochepa amene ankamveka, limodzi linali dzina la achimwene, mwana wawo woyamba, amene anapita ku Johannesburg kalekale. Poyamba ankaimba foni ndi kutumiza kangachepe. Kenako zii, kwa zaka zinayi. Nambala yawo inali itasiya kugwira.

Ndinayamba ndi abale, monga aliyense akanachitira: amalume, asuweni, alamu anga, mnzawo wa achimwene wa kuubwana. Sabata ziwiri zinatha ndisanapeze kanthu. Aliyense ankanditumiza kwa munthu amene ndinali nditamufunsa kale, ndipo onse anali ndi nambala yakufa yomwe ija. Msuweni wina amene ali ku South Africa komweko anandilonjeza kuti afufuza. Uthenga wanga anauwerenga, timizere tiwiri tija tinasintha mtundu, koma mpaka lero sanayankhe. Ndinamukwiyira kwambiri, ndipo sindinganame kuti zinatheratu. Koma nditakhala pansi ndinakumbukira kuti nanenso ndinalandirapo mauthenga a anthu ofunafuna abale awo, n'kungoti pepani, osautumiza kwa wina aliyense.

Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, anafotokoza mu 1973 chimene chinkandichitikiracho. Anapeza kuti anthu ambiri amamva za mwayi wa ntchito kuchokera kwa anthu amene amaonana nawo mwa apo ndi apo, osati kwa anzawo apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta. Anthu amene umadya nawo mbale imodzi amadziwa zomwe iwe ukudziwa kale, ndipo anthu awo ndi ako omwe. Amene mumangopatsana moni ndiye amayenda m'mabwalo amene iwe supondamo.

Kwa ine munthu ameneyo anali mayi wina amene ndimagula tomato pamalo pake ku msika wa Lunzu. Kwawo sindikudziwako, nayenso kwathu sakudziwako. Tsiku limenelo anandifunsa kuti, "Asisi, bwanji nkhope yagwa chonchi?" Ndinamuuza mongodandaula, osati mopempha thandizo. Anapukuta manja pachitenje n'kutulutsa foni. Mwana wake ndi kondakitala wa basi zopita ku Johannesburg.

Mnyamatayo achimwene sankawadziwa. Koma anati pafupi ndi Park Station, pamene basi zambiri zimafikira, pali telala wina wa ku Malawi amene anthu amasiyira makalata ndi katundu wopita kumudzi, ndipo palibe Mmalawi amene angakhale mumzindamo zaka zambiri telalayo osamumvapo. Anatenga chithunzi cha achimwene, dzina lawo, mfunda wawo ndi dzina la mudzi wathu. Telala uja sanaizindikire nkhopeyo, koma dzina la mudzi linamukumbutsa bambo wina wosamalira maluwa m'nyumba za ku Randburg, wochokera chakwathu komweko. Bambo ameneyo anati ankawaona ku Diepsloot, koma nambala yawo alibe. Apa ndi pamene ulendo wonse ukanathera, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma tsiku lake lopuma litafika anakwera minibasi ndi ndalama zake, n'kukayenda m'misewu akufunsa mpaka anawapeza. Munthu amene sindinamuonepo, ndipo mwina sindidzamuona.

Kuchokera tsiku la tomato lija panadutsa masiku 11. Foni inalira madzulo ndikusambitsa amayi. Achimwene anayamba ndi kupepesa, mawu akunjenjemera. Ntchito inatha, foni anawabera, mapepala awo okhalira m'dzikomo anatha mphamvu, ndipo anachita manyazi kuimba opanda choti atumize. Mwezi unabala chaka, chaka chinabala zaka. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndidzawalalatire, koma ndinangoti, "Achimwene, dikirani ndiwapatse." Ndinaika foni kukhutu la amayi. Sanathe kuyankha zomveka. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, osafuna kuisiya mpaka mayunitsi a achimwene anatha.

Usiku umenewo mwana wanga uja anatenga kope lake n'kuyamba kuwerenga ndi zala: mayi wa tomato, kondakitala, telala, bambo wa maluwa, kenako amalume. "Amayi, asanu," anatero. "Kwa Mfumukazi munafika ndi atatu."

Achimwene sanabwerebe, akuti akusonkhanitsa ya basi. Amaimba Lamlungu lililonse madzulo, ndipo amayi amayamba kuyang'ana foni dzuwa likangopendeka. Nambala ya bambo wa ku Randburg ndinaisunga, ya telalanso. Mwezi watha mayi wina wa m'dera lathu anandiuza kuti mwana wake anasowa ku Pretoria. Ndinamupempha chithunzi ndi dzina la mudzi, n'kuzitumiza ali chiimire pakhomo panga.