Zonse zili bwino, alamu

Alamu anga ali ndi Toyota Hiace yakale yomwe adaichotsa mipando yakumbuyo kuti izinyamula madengu. M'mamawa uliwonse imachoka ku Bvumbwe itadzaza tomato, kabichi ndi mpiru, ulendo wa kumsika wa Limbe ndi wa Ndirande. Pakhomo pa achemwali anga, ufa, sopo ndi fizi ya ana atatu zonse zimachokera m'galimoto imeneyi. Ikagona tsiku limodzi, pamoto pamazizira.

Loweruka lina alamuwo adabwera kuchokera kumsika akunjenjemera ndi malungo. Adali atagula mapulagi anayi atsopano popeza injini inkavuta kulira m'mawa, ndipo ankati akachira apita nayo kugalaja. Ine ndidati, "Alamu, ndalama ya makaniko isungeni, kantchito aka n'kochepa." Pajatu ine ndili ndi dipuloma, ndipo ndidaonererapo ena akusintha mapulagi. Ndinkaona ngati dzanja lotha kulemba ndakatulo silingalephere kupotokola kachitsulo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Injini ya Hiace ili pansi pa mipando yakutsogolo. Umatukula mpando n'kumagwira ntchito chowerama, pena ukungopapasa osaona. Sindidadikire n'komwe kuti injini izizire. Mapulagi atatu adalowa bwinobwino, koma yachinayi, yakumbuyo kwenikweni, idakana. M'malo moibweza n'kuyambiranso, ndidaikapo sipanala n'kukoka. Idalimba. Ndidakokanso, ulendo uno ndi mphamvu zonse. Mwadzidzidzi sipanala idapepuka m'manja, pulagi n'kumangozungulira ngati mthiko m'phala. Thukuta lidatsika. Ndidainyengerera mpaka idaoneka ngati yagwira, ndidabwezera waya wake, n'kutsitsa mpando. Alamu atafunsa ali gone pamphasa, ndidayankha kuti, "Zonse zili bwino."

Lolemba adadzikakamiza kudzuka. Pobwera ndi katundu, atangodutsa pa Chigumula, pansi pa mpando padamveka ngati mfuti, kenaka phwa! phwa! phwa! Pulagi ija idali itafwamphuka pamodzi ndi waya wake. Tomato adakhala padzuwa mpaka masana, ndipo pomwe galimoto ina inkamufikitsa kumsika, ogula adali atabalalika, madengu apansi atasanduka msuzi. Adandiimbira foni, ndipo ndidawapeza ataikokera galimotoyo pagalaja ina ya pansi pa mtengo wa mango ku Limbe.

Mwini galajayo, bambo wa imvi zake, adatola pulagi ija n'kuiyang'ana padzuwa. Ndi chikhadabo adakanda tizitsulo toyera tomwe tidamatirira m'mizere yake. "Mukuona iti? Awa ndi mazinga a hedi yanu, atuluka ndi pulagi."

Zomwe adatifotokozera ndizilembe pano, mwina zingapulumutse wina. Pulagi ndi yachitsulo cholimba, pomwe silinda hedi ya injini zoterezi ndi ya aluminiyamu, wofewa ngati wa mapoto athu akukhitchini. Ziwirizi zikalimbana, wogonja ndi aluminiyamu. Bowo la pulagi ndi la mamilimita 14, ndipo kuchoka pa zinga limodzi kufika pa linzake pali mamilimita 1.25 okha. Pulagi yolowa mamilimita 19 imagwira ndi mazinga pafupifupi 15, ndipo timizere timeneti ndi tomwe timapirira petulo akamaphulika m'silinda. Pulagi ikayamba mopendama, imadzidulira njira yakeyake n'kudya mazinga a hedi. Kumanga mopyola muyezo kumachitanso chimodzimodzi, makamaka injini ikadali yotentha, aluminiyamu atafutukuka.

Atatha apo madalawo adafunsa, "Nanga adamanga pulagi iyi ndani?"

Padali zii. Alamu ankadziwa yankho, koma adangoyang'ana pansi. Ndikadatha kunena kuti mazingawo adali otha kale, poti galimotoyo ndi yakale, ndipo palibe akadanditsutsa. Mawuwo adafikadi pamlomo. Koma nditaona nsapato za alamu zitanyowa ndi madzi a tomato, ndidati, "Ndine, madala. Ndidamva ikukana, ndidaikakamiza."

Madala sadaseke kapena kukalipa. Adangoti njira zilipo ziwiri. Yoyamba n'kumasula hedi yonse, kupita nayo kwa amakina, kugula gasiketi yatsopano, galimoto n'kugona masiku angapo. Yachiwiri n'kukonza pomwepo, hedi ili pamalo pake, poikamo mazinga atsopano. Njirayi ndi yachangu ndiponso yotsika mtengo, koma ili ndi ngozi yake: tizidutswa ta chitsulo tikagwera m'silinda tikhoza kukanda mkati kapena kukakamira pa valavu. Alamu adawerengera m'mutu masiku ndi madengu, n'kusankha yachiwiri.

Abale inu, ndaonapo anthu odekha, koma osati ngati bambo ameneyu. Adadikira injini izizire. Kenaka adauza mnyamata wake kuti azungulitse injini ndi sipanala pang'onopang'ono mpaka mavalavu onse a silindayo atatsekeka, pisitoni ili pansi, kuti chida chisagunde kanthu. M'kabokosi kokulungidwa m'nsanza adatulutsa tapu, kachitsulo kodulira mazinga, kokulirapo pang'ono kuposa bowolo. Adakapaka girizi wambiri m'ngalande zake kuti tizidutswa tizimatirira m'menemo. Adakaimika chilili, n'kupotokola kawiri katatu, n'kukabweza, kupukuta, kupakanso girizi. Adabwereza kambirimbiri, ine mpaka miyendo idatopa ndi kuimirira. Mnyamata uja atafuna kulandira, adamukaniza. "Ukapendamitsa apa, hedi yonse yapita."

Atamaliza adatsuka bowolo ndi kupopera mpweya m'silinda. Adalizanso sitata kangapo pulagi isanalowe, kuti pisitoni ilavule zotsalira. Ndiyeno adaonetsa kawaya kopiringizika ngati sipuling'i, kachitsulo chosachita dzimbiri, komwe amakaniko amakatcha Heli-Coil. Kunja kwake kamagwira mazinga atsopano aja, mkati mwake n'kubwezeretsa bowo la mamilimita 14. Adakalowetsa mosamala mpaka kadakhala pamuyezo, ndipo kansonga kokokera adakathyola atakagwira ndi pulayazi yaitali kuti kasagwere mkati.

Pomaliza adatenga pulagi ina yatsopano, n'kuisomeka kumutu kwake m'kachidutswa ka paipi yamphira, n'kundipatsa ine. "Mangani ndinu, achimwene." Ndidakana, koma adaumirira. Adati paipiyo ilibe mphamvu: pulagi ikayamba mopendama, mphira amangoterera, mazinga osaonongeka. Ndidapotokola ndi zala, manja akunjenjemera, ndipo idalowa yokha mpaka pansi ngati ikudziwa kwawo. Apo m'pamene adandilola kugwira sipanala, nati ndizungulitse theka lokha, wachala watsopanoyo aphwanyike, basi. Injini idalira ndi masilinda onse anayi.

Pobwerera ku Ndirande tidakhala chete mpaka pa Chichiri. Ndidayamba kupepesa za mazinga, koma alamu adandidula. "Alamu, mazinga amatha, ngakhale amakaniko amawaononga. Mwaona nokha, ntchito ya maola awiri. Chandiphera tomato ndi 'zonse zili bwino' yanu ija. Mukadanena Loweruka, Lamulungu tikadakonza."

Ndidasowa choyankha. Ife olemba timakonda kudzudzula akuluakulu omwe amati zonse zili bwino pomwe zinthu zikuwola, ndipo inenso ndalembapo ndakatulo zingapo zotero. Sindinkadziwa kuti mawu amenewa amatuluka mosavuta chonchi pakamwa pa munthu wamanyazi. Bodza langa lidakhala masiku awiri okha, koma fizi ya mwana wachisamba wa achemwali idachedwa mwezi wathunthu.

Ndalama ya tomato ndi ya madala ndidaibweza pang'onopang'ono, nkhani iliyonse ikalipiridwa ndinkapatula kena. Kawaya kaja kakadali m'hedi mpaka lero, ndipo Hiace ikutsikabe ku Bvumbwe m'mamawa. Mapulagi atakwananso nthawi yosintha, alamu adandiitana. Ndidawapeza ataika mapulagi anayi pampando, pambali pake kachidutswa ka paipi yamphira.