Zotsatira zafika pafoni dokotala asanayankhule

Usiku wathawu mlongo wanga wa ku Leeds anandiimbira foni mtima uli m'mwamba. Zotsatira za magazi ake zinali zitalowa pa NHS App, pulogalamu ya pafoni ya zaumoyo, ndipo panalembedwa kuti HbA1c yake ndi 44. Dokotala anali asanamuimbire. Iye atangoona nambalayo anaganiza kuti basi, shuga wamugwira.

Tinakambirana mpaka mtima wake unakhala pansi. Muyeso umenewu umasonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kuyambira 42 mpaka 47 ndi chenjezo lakuti wayamba kukwera, pamene matenda enieni a shuga amawerengedwa kuyambira 48. Mpata wosintha kadyedwe ndi kuyamba kuyenda ulipobe.

Kuyambira kumapeto kwa 2023, madokotala a m'madera (ma GP) ku England akuyenera kulola odwala kuona pa intaneti zatsopano zolembedwa m'mafayilo awo, kuphatikizapo zotsatira. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Magazi ndi ako, thupi ndi lako, nanga zotsatira zibisikirenji? Ife a ku Malawi tinazolowera kale kusunga tokha buku la kuchipatala.

Koma nambala yopanda mawu imasowetsa tulo. Dokotala aziwonjezapo mzere umodzi wosavuta: izi zikutanthauza chakuti, chitani chakuti, tidzaonana liti. Ndipo nkhani yolemetsa ngati ya khansa munthu aziimva kwa munthu mnzake amene angamuyang'ane m'maso ndi kumuyankha mafunso, asanaiwerenge yekha pafoni pakati pa usiku.