Babatoni wakale musamusandutse nkhuni

Ku America anthu amalimbirana magitala a besi akale. Fender Precision yoyamba inatuluka mu 1951, ndipo olemera amaisunga m'galasi, osaiimba n'komwe. Amakanganiranso amplifaya, ena akuti Ampeg SVT ya 1969 ndiyo imagunda pamtima.

Nanga ife kuno ku Dowa ndi Ntchisi tikusunga chiyani? Besi yathu ndi babatoni: mtengo wautali, chikopa cha ng'ombe, waya mmodzi. Aliyense amapanga wake, n'chifukwa chake simungapeze awiri olira mofanana. Wa a Gasper Nali a ku Nkhata Bay amaimbidwa ndi botolo ndi kamtengo. Wa a Yobu Maligwa a Madalitso Band anakafika ku Zanzibar mu 2017, pa Sauti za Busara. Amplifaya ya babatoni ndi chikopa chomwecho, safuna magetsi kapena batire ya galimoto. Ine ndimati amaposa masipika ambiri olira mokhadzula pa misika ya Mponela.

Koma chikopa chikang'ambika timangomutaya kuseri kwa nkhokwe, chiswe n'kumalizitsa.

Amene muli naye wakale kwanuko, ku Malomo, Madisi kapena Mvera, tumizani chithunzi apa. Mutiuzenso anamupanga ndani, chaka chiti.